Mwala wa pa Chiguduli

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2 pa mishoni kwathu ku Nkope, ndiye mukaona zilembo zikupendekeka ngati bwato lodzaza mbali imodzi musadabwe. Dzanja ili linazolowera nkhafi, osati pensulo. Koma pakamwa ayi. Pakamwa panalibe wondiposa pa boma lonse la Mangochi, kafunseni aliyense amene anagulitsako mumsika waukulu masiku amenewo. Ndikaima pa mabenchi a nsomba n'kukuwa, anyamata oitanira minibasi ku depoti ankayamba atseka pakamwa. Ena ankati mawu anga ankaoloka Shire kukamveka tsidya lija. Mwina kunali kukokomeza, koma ine sindinawatsutsepo.

Nsomba zitayamba kusowa kunyanja ndinagulitsa bwato n'kubwera pa boma. Ndinapeza malo mumsika, ndikugulitsa mbedza, zingwe ndi ulusi wosokera maukonde. Nthawi imeneyo umbava unali utanyanya. Mayi akawerama kuti asankhe tomato, powerama ali ndi chikwama, poweramuka alibe. Apolisi anaitanitsa msonkhano wa msika wonse, nati iwo okha sangathe, tisankhe komiti yathu ya chitetezo. Atafika pa mpando wa tcheya, mayi wina wogulitsa mandasi anandiloza ndi chipande.

"Apatseni awo. Amenewo ngakhale wezulo musawagulire, anabadwa nayo."

Msika wonse unaseka, manja n'kukwera m'mwamba. Wezulo anandipatsabe, pamodzi ndi jekete yonyezimira. Bwana wa polisi amene anatiphunzitsa anali munthu wofatsa, ndipo mawu ake ndimawakumbukira mpaka lero. Anati munthu mukamukayikira, yambani mwamufika pafupi, mumufunse. Anatinso mukamugwira musamenye, mubwere naye ali ndi mano ake onse. Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinati bwana awa msika sakuudziwa. Mbava siifunsidwa, imakuwizidwa.

Tsiku lovuta linali Lachisanu. Eni mabenchi ambiri ndi Asilamu, ndipo dzuwa likafika paliwombo amapita ku mzikiti. Mbava zinkadziwa, Lachisanu linali tsiku lawo lokolola. Ena ankalongedza katundu yense m'matumba n'kumusenza, pobwera n'kuyalanso, ntchito ya kawiri. Ena ankaswali mtima uli pa benchi. Ine ndine wa Chalichi, Lachisanu masana ndilibe kopita, ndiye ndinati vuto limeneli ndi langa.

Lamulo la mwala ndinalipanga ine. Ine ndekha, popanda wondinong'oneza. Ndinati munthu akamapita kokaswali afunde katundu wake ndi chiguduli, pamwamba aikepo mwala. Mwala uli pamwamba, benchi imeneyo sikhudzidwa, kaya ndiwe mkazi wake, kaya ndiwe m'bale wake wa bere limodzi. Koma panali ogula ochokera kutali, a ku Namwera, a ku malire, amene amagula m'mawa n'kusiya dengu lawo kuti akazungulire kwina, n'kubwera kudzalitenga mwini benchi ali ku mzikiti. Za amenewa ndinati mwala uikidwe pansi, patsinde pa benchi. Mwala uli pansi, ndiye kuti pali katundu wogulidwa kale, mwini wake abwera, musamuvutitse. Lamulo losafuna pepala, losafuna loko, loti ngakhale ife osaphunzira tiliwerenge tili patali.

Ndipo linagwira. Zaka zinapita popanda ngakhale usipa umodzi kusowa Lachisanu. Amuna ankavala mikanjo yawo yoyera ndi mizuli n'kumapita akucheza, osacheuka. Ine n'kumayenda pakati pa mizere ya ziguduli, manja kumbuyo, ngati mwini munda. A msika wa ku Monkey Bay anatumiza anthu kudzafunsa kuti timatani. Ndinawayendetsa benchi ndi benchi, ndikulankhula mokweza kuti onse amve kuti alendo abwera kudzaphunzira kwa ine. Mbava ndinagwira zambiri, ndipo ndinali ndi mawu amene ndinkakonda kunena ndikudziguguda pachifuwa: mawu anga sagwera pa munthu wosalakwa.

Pa benchi ya pakona, moyang'anana ndi yanga, pankakhala bambo wina wa ku Chowe, wogulitsa usipa wouma. Wamfupi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Tinkaitanana kuti alamu, chifukwa ndili mnyamata ndinafunsirapo mlongo wake n'kukanidwa, ndipo iye sanalole kuti ndiiwale.

"Alamu, mlongo wanga anapulumutsa makutu ake," ankatero akupepeta usipa.

"Anataya mwayi. Akanasochera kuthengo ndikanamuitana ndili pakhonde."

"Bwanji mubwere kwathu muzidzaitana anthu ku swala? Tipulumutseko magetsi a chimkuzamawu."

"Ndikaitana ine abwera ndi a ku Namwera omwe, mzikiti uchepa."

Lachisanu lililonse asanapite ankandiponyera usipa wodzaza dzanja, ati wa mlonda. Mwala wake ndinkaudziwa, wakuda, wosalala, wa kumtsinje, waukulu ngati papaya laling'ono.

Linali Lachisanu la mwezi wa mwera. Mphepo inayamba m'mawa, fumbi lili koboo, mapepala a pulasitiki akuuluka pamwamba pa madenga. Anthu atapita ku mzikiti ndinayamba kuyendera mizere monga mwa masiku onse. Nditafika pakona ndinapeza chiguduli cha alamu anga chikukupiza, usipa ukugwera m'fumbi, nkhuku za eni ake zikutola. Ndinathamangitsa nkhuku, ndikudandaula ndekha kuti alamu awa, kuthamangira Mulungu mpaka kuiwala katundu. Ndinakoka chiguduli, ndinawerama, ndinatola mwala umene unali patsinde pa benchi, n'kuutsamiza pamwamba.

Werenganinso pamenepo. Ine amene ndinapanga lamulolo. Mutu sunafunsidwe, dzanja linangochita lokha, monga momwe umatolera chovala cha mnzako chikagwa pachingwe. Ndinkaona mphepo, sindinkaona lamulo. Ndisanaimirire bwinobwino amayi a ku tomato anali akundiitana kale, kunali chidakwa china chimene chinaponda mulu wa mayi wina n'kumakana. Ndinapita, ndinakalipa, ndinachikoka ndi malaya mpaka kunja kwa geti, amayi akuseka n'kumandiombera m'manja. Za mwala zinachoka m'mutu ngati sizinachitike.

Pobwerera ndinaona munthu pa benchi ya pakona. Wamtali, wowonda, jekete lakuda losagwirizana ndi dzuwa, njinga ataitsamiritsa pa mtengo. Nkhope yachilendo. Ndinamuona ndi maso angawa akunyamula mwala wakuda uja, akuuika pambali, akuvundukula chiguduli, akukoka dengu lodzaza usipa. Sankacheuka, sankafulumira. Ndinati mumtima, taonani kulimba mtima kwa mbava za masiku ano.

Panali mapazi mwina makumi awiri pakati pa ine ndi iye. Ndikanatha kuyenda. Ndikanatha kumugwira phewa n'kumufunsa kuti achimwene, dengu limeneli mwalipeza bwanji. Koma panali patapita miyezi ndisanakuwe, ndipo amayi aja anali akundiyang'anabe. Ndinadzaza chifuwa.

"Wakubaaa!"

Nkhunda zinauluka pa denga la msika. Munthu uja anaponya dengu pansi, usipa n'kumwazika, ndipo osacheuka n'komwe anathawa. Njinga anaisiya. Akanaima mwina zikanatha ndi kukambirana, koma munthu wothawa mumsika waweruzidwa kale. Anatulukira geti la ku depoti, kumene kunali oitanira minibasi, akabaza, oyendetsa mawilibala, anthu amene dzuwa ndi njala zinawakwiyitsa kuyambira m'mawa. Wina anamutchera mwendo.

Mmene ndinkafika anali pansi, anthu atamuunjikira. Zibakera, nsapato, matabwa a mabenchi. Wina ankamumenya m'makutu ndi manja onse awiri, uku ndi uku, ngati akuomba ng'oma. Ndinaimba wezulo. Ndinakuwa kuti musiyeni, tipite naye ku polisi. Ndinakuwa ndi mawu omwe aja amene ankaoloka Shire, ndipo palibe ngakhale mmodzi anatembenuka. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti mawu anga ankadziwa kutsekula khola, kutseka ayi. Ndinalowa pakati, thabwa lina linandipeza pamsana, ndinagwada n'kumugwira mutu munthuyo kuuika pamiyendo panga. Magazi ankatuluka m'makutu onse awiri. Anandiyang'ana m'maso osaphethira. Kumbuyo ndinamva wina akugubuduza tayala, wina akufunsa amene ali ndi petulo.

Chimene chinamupulumutsa n'chakuti swala inatha. Amuna a mikanjo anatulukira pamsewu, ndipo pakati pawo alamu anga, munthu amene sindinamuonepo akuthamanga, anathamanga. Anadzigwetsa pamwamba pa munthu uja, mkanjo woyera n'kufiira pomwepo.

"Ndi kasitomala wanga! Analipira m'mawa! Ndinamuuza ndine kuti adzangotenga! Mwala ndinauika pansi!"

Atangotero, chikhatho changa chinakumbukira. Osati mutu, chikhatho. Kutentha kwa mwala uja, kusalala kwake, kulemera kwake pouika pa chiguduli. Zonse zinabwera nthawi imodzi.

Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo, matabwa akugwa pansi mmodzimmodzi. Aliyense ankafuna woti amusenzetse. Mayi wa mandasi uja ndiye anayamba.

"Pansi pati? Mwala unali pamwamba, tinauona tonse akuuchotsa!"

"Ndinauika pansi, Mulungu ndi mboni!"

"A Tcheya ndi awa. A Tcheya, nenani inu. Mwala unali pati?"

Msika wonse unandiyang'ana, momwe unkandiyang'anira nthawi zonse. Mutu wa munthu uja unali udakali pamiyendo panga. Alamu anga anadzutsa nkhope, mzuli utagwa, akundidikira ngati munthu amene wapeza mboni yake.

Ndinati, "Unali pamwamba."

Sindinaname. Munthuyo pouchotsa unalidi pamwamba. Ndi bodza loipitsitsa limene ndinanenapo, ndipo munalibe liwu labodza ngakhale limodzi.

Apolisi anabwera ndi galimoto, anamutengera kuchipatala. Ena mwa omenya anagwidwa, ena anathawira kwawo. Ine anandiitana kuti ndikafotokoze. Bwana wofatsa uja analemba zonse, n'kundiwerengera pang'onopang'ono podziwa kuti kuwerenga kumandivuta. Atamaliza anandifunsa kuti kodi munamufika pafupi musanakuwe? Ndinati nthawi panalibe. Anandiyang'ana, n'kufunsanso kuti pali china chimene mwasiya? Ndinati palibe. Ndinalemba dzina langa pansi pake, chilembo chimodzichimodzi, thukuta likugwera papepala.

Munthu uja sanafe. Anagona m'chipatala milungu ingapo, abale ake n'kudzamutenga. Tinamva kuti kwawo n'kufupi ndi malire, wa mabanja aja amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika konkuno. Ankalima, ndipo nthawi ya chilimwe ankagula usipa n'kumakagulitsa m'midzi pa njinga. Mumsika mwathu kanali kachiwiri kubwera. Za miyala sankadziwa chilichonse.

Mlandu wonse unagwera alamu anga. Anthu ankati munthu wamkulu kuiwala chinthu chaching'ono chotere, mpaka kutsala pang'ono kuphetsa mlendo. Oitanira minibasi, omwe aja amene anamenya, akamuona ankakuwa kuti a Mwala-pansi, lero mwauika pati? Ogula akutali anauzana kuti pa benchi ya pakona pali tsoka. Masiku oyamba ankalimbikira, akuuza aliyense amene waima kuti anauika pansi. Kenako anasiya. Tsiku lina ndinamumva akuuza mayi wina motsitsa kuti kaya, mwina ndinaiwaladi, ukalamba. Ndinali pa benchi yanga, mapazi asanu kuchokera pamene anali, ndikukulunga chingwe chimene chinali chokulunga kale. Usipa wa mlonda sanasiye kundiponyera. Ndinkaulandira. Mvula isanagwe anagulitsa benchi n'kubwerera ku Chowe kukalima.

Ndinkadziuza kuti ndikuteteza lamulo. Ndinkati ndikaulula, anthu adzati ngati tcheya yemwe amasokoneza miyala, tidalire ndani, ndipo Lachisanu lidzabwerera kwa mbava. Koma lamulolo linafa ndithu, ine ndili chete. Anthu anati chinthu choti munthu angaiwale n'kuphetsa mnzake si chodalira. Amisiri a malata anayamba kukhoma mabokosi a loko. Ena anayamba kusiya akazi awo pa benchi, ena anangosiya kupita ku swala ya masana. Chaka chisanathe miyala ija inali yotsamizira zitseko.

Chinatsatira ndi mawu. Tsiku lina lamsika ndinaona mnyamata wamkulu ndithu, wandevu, akudula chikwama cha mayi woyembekezera ndi lezala. Ndinamuona bwinobwino, panalibe chokayikitsa. Ndinadzaza chifuwa monga kale, ndinatsegula pakamwa, ndipo m'maso mwanga munabwera makutu aja akutuluka magazi. Mpweya unatuluka wokha. Mbava inadutsa pafupi nane, inandiyang'ana jekete yonyezimira, n'kumapita ikuyenda. Mayi uja atazindikira anakhala pansi m'fumbi n'kumalira, akufunsa kuti kodi a chitetezo aja ali kuti. Mawa lake ndinakabweza jekete ndi wezulo, ndinati chifuwa chikundivuta. Anandithokoza pa msonkhano, anandiombera m'manja. Komiti inapitirira pang'ono, kenako anthu anatopa nayo, ntchito yopanda malipiro, yongodana nayo ndi anthu.

Zaka zinadutsa, sindinaziwerenge. Chaka chathachi munthu wina wa ku Chowe wodzagula mbedza anandiuza kuti alamu anga miyendo yatupa, sakutulukanso m'nyumba. Ndinagona nazo masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinakwera njinga yamoto kukwera phiri la ku Chowe.

Ndinamupeza pakhonde, atatsamira khoma, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Anachepa ngati mwana. Atandiona anamwetulira.

"Alamu! N'chifukwa chake agalu anasiya kuuwa, anamva kuti kukubwera wowaposa."

Ndinakhala pamphasa. Ndinafunsa za miyendo, za chimanga, za mvula. Iye ankangoyankha, akundiyang'ana. Kenako ndinati pali chimene ndabwerera. Mawu anatuluka aang'ono, moti anachita kupendeketsa khutu, ine amene anthu ankatseka makutu ndikamapereka moni.

"Mwala uja munauikadi pansi. Ndinaukweza ndine. Kunali mphepo."

Sanadzidzimuke. Anakonza bulangete pamaondo.

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa bwanji? Munandiona?"

"Ndikanakuonani bwanji ndili mu mzikiti? Ndinangoganiza. Masiku oyamba ndinkati mwina ndapenga. Kenako ndinadzifunsa kuti mumsika monse muja, ndani akanalimba mtima kukhudza mwala wa pa benchi ya munthu? Mbava yomwe inkauopa. Mkazi wanga yemwe ankauopa. Anatsala munthu mmodzi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinkadikira inu. Mumakonda kulankhula, ndinati alamu anga sangasunge chinthu m'kamwa mwezi wathunthu." Anaseka pang'ono, chifuwa n'kumugwira. "Komanso ndinati ndikawagwetsa awa, anthu aleka kupita ku swala. Bola anyoze ine, wa usipa. Ndiye taonani, alekabe."

Ndinafuna kugwira mapazi ake otupawo. Anawabweza.

"Kwa ine musapepese, alamu. Ine ndinataya benchi, benchi ndi matabwa. Pitani kwa mwini makutu."

Anandiuza mudzi wake. Iye anali atapitako kangapo miyendo isanafooke, akunyamula kausipa. Ine sindinafunsepo n'komwe dzina la mudziwo zaka zonsezo. Alamu anga anamwalira mwezi wotsatira, ndipo pamaliro ndinaima kumbuyo.

Kumalire ndinapita nditakolola. Minibasi mpaka pa Namwera, kenako njinga, kenako wapansi, ndikufunsa za bambo wogontha amene ankagulitsa usipa. Aliyense ankamudziwa. Nyumba yake inali ya udzu, kumapeto kwa mudzi. Ndinapeza mayi akusenda chinangwa pabwalo, ndipo patsinde pa mtengo wa mango panali bambo wamtali uja, imvi zili mbuu, akuswa mtedza. Dzanja lamanzere linali lopinda, mtedza ankaupanikiza ndi bondo. Ndinaodira kawiri, iye osadzutsa mutu. Mayi uja, amene anali mkazi wake, anandipatsa mpando, nati samva chilichonse chichokereni ku boma, ngakhale bingu.

Anamugwira phewa n'kundiloza. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako nkhope yake inatseguka, anaimirira mtedza n'kugwa, anandigwira dzanja ndi dzanja lake lamoyo lija.

"Ndi amenewa! Mayi, ndi amenewa ndimanena aja!" Ankalankhula mokuwa, mawu opanda chiwongolero, monga amachitira ogontha. "A jekete yowala! Anandigwira mutu! Anthu onse akumenya, awa okha anagwada. Bwana, mwayenda ulendo wonsewu kudzandiona ine?"

Amene anakuwa sanamuone. Anali atandifulatira.

Ndinati ndine ndinakuwa. Iye ankangomwetulira, akugwedeza dzanja langa. Ndinakweza mawu. Ndinati mwala ndinaukweza ndine, wakuba ndinakuwa ndine, anakumenyani chifukwa cha ine. Ankayang'ana milomo yanga n'kumavomera ndi mutu, eya bwana, eya, Mulungu akudalitseni. Ndiye ndinaimirira bwino, ndinadzaza chifuwa, ndipo mawu aja amene anandithawa zaka zonsezi anabwera onse. Ndinakuwa momwe sindinakuwirepo ngakhale mumsika. Nkhuku zinathawa, anthu anatuluka m'nyumba zawo mpaka kutsidya kwa dambo. Bamboyo anatembenukira kwa mkazi wake akuseka.

"Akuti chiyani? Akuoneka ngati akulalikira."

Mayi uja anali ataika mpeni pansi. Anamukodola mwamuna wake ndi dzanja kuti alowe m'nyumba, anamuonetsa chizindikiro cha thumba. Iye atalowa, mayiyo anandiyandikira. Sanakweze mawu.

"Mwamaliza, abambo?"

Ndinati ndamaliza.

"Ine ndamva. Mudzi wonse wamva. Mukudziwa chifukwa chake anathawa tsiku lija? Ameneyu anakula akuthawa. Kwathu kuja munthu akakuwa kumbuyo kwako sunkacheuka, wocheuka ankatsala pomwepo. Miyendo inangokumbukira yokha." Anapukuta manja pa chitenje. "Ndiye mwabwera kudzatula katundu wanu pakhomo panga. Mukufuna ndimuuze bwanji? Ndi manja? Nditole mwala ndizimuonetsa?"

Ndinati mwina pang'onopang'ono angamvetse.

"Angamvetse, si chitsiru. Koma ine sindimuuza. Boma lonse lija amalitchula ngati dzenje la afisi. Basi sakwera, msika sapita, ngakhale wa pa Namwera pompa. Munthu mmodzi yekha wa kumeneko ndiye amamutchula bwino, wa jekete yowala. Anamulanda makutu, anamulanda dzanja, njinga sinabwerere. Mukufuna mumulandenso ameneyo?"

Bamboyo anatuluka ndi kathumba ka mtedza woswa kale, ntchito ya masiku ambiri ya dzanja limodzi ndi bondo. Anakaika m'manja mwanga. Ndinayang'ana mayi uja.

"Landirani," anatero. "Ndi manja awiri. Ndipo mumwetulire, akukuonani."

Ndinalandira ndi manja awiri. Anandiperekeza mpaka pa msewu, iye patsogolo akundinyamulira kathumbako, anthu a m'mudzi ataima m'makomo mwawo. Pobwerera ankangotembenuka n'kumandibayibitsa.

Kumsika ndimapitabe, ngakhale benchi ndinasiyira ena. Lachisanu masana kumangomveka maloko, kwapa kwapa, ndi njinga zamoto. Mwezi wathawu anamenyanso munthu ku depoti, akuti anaba foni, ndipo mpaka lero palibe akudziwa ngati anabadi. Ndinayesa kuuza achinyamata a pa mabenchi a nsomba nkhani ya mwala, ndi mbali yanga yomwe. Anandimvera mwaulemu, mmodzi n'kufunsa kuti agogo, ndiye kuti kale anthu ankasiya katundu ndi mwala basi? Anaseka, anati inali nthawi ya tulo. Za kulakwa kwanga palibe anazigwira. Woti andikwiyire anatha, ena anafa, ena anasamuka.

N'chifukwa chake ndagula kope ili. Tsamba limodzi limanditengera tsiku lathunthu, ndipo amene ndimafuna kuti amve sadziwa kuwerenga.

Mtedza uja ndinaupachika kudenga, pamwamba pa pomwe ndimagona. Kudya sindingathe, kupatsa munthu sindingathe. Wayamba kufumbwa, ufa wake umagwera pa bulangete.